Mwana wathu amupeza ndi sickle cell: kodi ndabwera nawo ndine matendawa?

Funso lochokera kwa mayi wa ku Chinsapo: "Mwana wathu wachiwiri, wamwamuna wa chaka ndi miyezi inayi, amupeza ndi sickle cell ku Central. Anayamba ndi kutupa manja ndi mapazi, apongozi anga n'kunena kuti ndi tsempho. Tsopano akuti matendawa ndabwera nawo ndine, poti kubanja kwawo kulibe ndipo mwana wathu woyamba ali bwinobwino. Atipemphanso kuti mwanayu alowe mu kafukufuku wa majini, koma bambo ake akukana, akuti mwana magazi ndi ochepa kale. Zoona zake ndi ziti? Nanga ndikabereka wina adzakhalanso chonchi?"

Mayi, pepani ndi matenda. Ndagwira ntchito ya mu labotale ya magazi kuno ku Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene apongozi anu akunenawa ndawamva kwa amayi ambiri, ena akulira. Ndiyambe ndi chimene mungapite nacho kwa ankhoswe ngakhale lero: mwana sangadwale sickle cell ndi magazi a kholo limodzi. Kuti adwale, ayenera kulandira mbali imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Mwana wanu analandira kwa inu, analandiranso kwa bambo ake, mofanana ndendende. Ndipo bambo akewo anatenga kwa mmodzi wa makolo awo.

Mawu akuti majini amasokoneza anthu, chifukwa kwathu kuno majini timadziwa aja ogwira munthu. Awa ndi ena. Ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, m'kati mwa maselo a thupi lathu. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondondozana pafupifupi 3 biliyoni, zokulungidwa m'timitolo totchedwa makromozomu. Munthu ali ndi timitolo 46: 23 tochokera kwa mayi, 23 tochokera kwa bambo. Choncho pafupifupi langizo lililonse tili nalo pawiri. Pa kamtolo ka nambala 11 pali jini yotchedwa HBB, imene imauza thupi kapangidwe ka mbali ina ya himogulobini, chinthu chofiira chija chonyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Pamalo amodzi mu jini imeneyi, anthu ambiri ali ndi GAG. Ena ali ndi GTG. Kusiyana kwake ndi kumeneko basi, chilembo chimodzi pa zilembo 3 biliyoni.

Chilembo chimodzicho chimachititsa kuti pa himogulobini pakhale kachidutswa kotchedwa valine pamalo pa glutamic acid, ndipo kachidutswa kameneka n'komata. Magazi akadali ndi mpweya wokwanira palibe vuto lalikulu. Akangopereka mpweya wawo ku minofu, himogulobini yamtunduwu, imene timaitcha S, imayamba kumatana n'kupanga timitengo titalititali m'kati mwa selo. Ndikanakonda mukanaona zimenezi ndi maso anu. Timadontheza dontho la magazi pa kagalasi, kuthirapo mankhwala ochotsa mpweya, kuvundikira ndi kagalasi kena n'kumata m'mbali mwake. Poyamba pa maikulosikopu mumaona timaselo tobulungira, tofewa, tolowa pakati ngati madonasi osaboola. Pakapita kanthawi mumaona tikusololoka, tikusongoka mbali zonse, tina titapindika ngati zenga lomwetera udzu kapena ngati mwezi ukangokhala. Dzina la sickle linachokera pa zenga limenelo.

Selo labwino limapindika lokha kuti lidutse m'timitsempha topapatiza kuposa ilo. Selo la zenga ndi louma gwa. Mukudziwa mmene ngalande za m'makwalala athu zimachitira mvula yoyamba ikagwa: masamba amadutsa, koma kamtengo kamodzi kakapingasa, zinyalala zonse zimaunjikana pamenepo madzi n'kusefukira. Ndi zimene zimachitika m'mafupa a mwana. Malo amene magazi sakufika amapweteka koopsa, ndipo mwa khanda amayamba ndi timafupa ta m'manja ndi m'mapazi, n'chifukwa chake amatupa. Kuwonjezera apo, selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene la zenga limasweka pakangotha masiku 10 mpaka 20. Thupi limalephera kubwezera msanga, magazi amachepa, ndipo zotsalira za maselo oswekawo ndi zimene zimapangitsa maso kukhala achikasu.

Nkhani ya tsempho sindiiseka, chifukwa apongozi anu anaona chinthu chenicheni, kungoti anachimasulira ndi nzeru imene anali nayo. Mwana wa sickle cell amabadwa wathanzi, wonenepa, woyamwa bwino. Ali m'mimba amagwiritsa ntchito himogulobini ina, ya F, imene simatana. Akabadwa thupi limayamba kuzimitsa F pang'onopang'ono n'kuyatsa ya akuluakulu, ndipo pofika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira apo, S imakhala itachuluka. Kutupa kumayamba nthawi imeneyo, imenenso makolo ambiri amakhala atabwerera pa mphasa imodzi. Wachikulire akaona mwana amene anali bwinobwino watupa manja pa nyengo yotereyi, amafunsa kuti wasempha mwana ndani. Palibe amene anamusempha. Zinalembedwa tsiku limene munatenga pathupi, ndipo palibe chimene inu kapena bambo ake munachita, kudya, kapena kusiya kuchita chimene chikanasintha.

Nanga bwanji kubanja kwa amuna anu akuti kulibe? Chifukwa munthu amene ali ndi S imodzi ndi A imodzi (A ndi himogulobini yabwinobwino), amene timamutcha AS, sadwala. Amalima, amasenza matumba, amakalamba osadziwa kanthu. Inu muli choncho, ndipo inunso simunkadziwa. S ikhoza kuyenda m'banja mibadwo isanu mwakachetechete mpaka tsiku limene wonyamula wakwatirana ndi wonyamula mnzake. Palinso china chowawa. Mukakhala pansi ndi agogo a mbali zonse ziwiri n'kufunsa za ana amene anamwalira asanakwane zaka zisanu, mudzamva za wina amene "ankangotha magazi", wina amene "anali ndi kapamba", wina wa "malungo osamva mankhwala". Ana amenewo sanayezedwe. Ena mwa iwo anali ngati mwana wanuyu, kungoti dzina la matenda awo silinafike pamudzi.

Za mimba yotsatira, tengani matumba awiri, lanu ndi la bambo. M'thumba lililonse ikani nyemba ziwiri, yoyera ya A ndi yofiira ya S. Tsinzinani, tolani imodzi uku, imodzi uko. Zikatuluka zoyera zonse, mwana alibe S. Ikatuluka yoyera ndi yofiira, mwana ndi wonyamula ngati inu, wathanzi. Zikatuluka zofiira zonse, ndi SS, wodwala. Pa njira zinayi zimene nyembazo zingatulukire, imodzi ndi AA, ziwiri ndi AS, imodzi ndi SS. Koma gwiritsani apa, chifukwa ambiri amaphonya: mukatha kutola, nyemba zimabwerera m'thumba. Mimba iliyonse imayamba mwatsopano ndi mwayi umodzi pa inayi. Sikuti poti mmodzi wadwala ndiye atatu otsatira apulumuka. Ndaona banja la ana asanu lokhala ndi wodwala mmodzi yekha, ndaonanso banja limene ana awiri otsatizana onse ndi SS. Mwana wanu woyamba anatola nyemba zina, basi.

Mwina mukufunsa kuti chinthu chozunza ana chonchi chinachulukira bwanji pakati pathu. Yankho lake ndi malungo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti S imapezeka kwambiri kumadera a malungo ambiri, ndipo ana a AS sagwidwa mwamphamvu ndi tizilombo ta malungo. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti AS imachepetsa malungo aakulu, akupha aja, ndi pafupifupi magawo 9 pa 10. Ganizirani mudzi wa makolo athu kulibe neti, kulibe LA. Ana a AA ambiri ankapita ndi malungo, ana a SS ankapita ndi matendawa, koma a AS ankakula n'kubereka. Nyemba yofiira imene apongozi anu akuikana ndi yomweyo imene inasunga mbumba yawo, ndi yanu, kwa zaka zikwizikwi. Koma musamve molakwa: mwana wa SS ndiye alibe chitetezo chimenecho. Malungo kwa iye ndi oopsa kuposa kwa mwana wina aliyense, chifukwa amaswa magazi amene ndi ochepa kale.

Pali chimene chimandipweteka pa mbiri ya matendawa. Dokotala James Herrick wa ku Chicago analemba za maselo a zenga mu 1910, atawaona m'magazi a mnyamata wa ku Grenada amene ankaphunzira udokotala wa mano. Mu 1949 Linus Pauling ndi anzake anasonyeza kuti vuto lili pa himogulobini, ndipo aka kanali koyamba kuti matenda a munthu alozedwe pa kanthu kamodzi kakang'ono chonchi ka m'thupi. Cha mu 1956 ndi 1957 Vernon Ingram ku Cambridge anapeza kachidutswa kenikeni kosinthikako. Sayansi yonse ya majini ndi matenda inaphunzirira pa sickle cell. Komabe lero ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo kuno ku Africa, ndipo ochuluka sayezedwa mpaka atagonekedwa kangapo. Nzeru zinalipo kale. Chimene chinachedwa ndi kuzifikitsa kwa mayi wa ku Chinsapo.

Zimene zimasunga moyo wa mwana wotereyu si zodula. Kapamba ndiye sefa yochotsa mabakiteriya m'magazi, ndipo maselo a zenga amaiwononga mwana akadali wamng'ono. N'chifukwa chake amapatsidwa penisilini tsiku ndi tsiku mpaka zaka zisanu. Kafukufuku wa ku America wa mu 1986 anapeza kuti penisilini ameneyu amachepetsa matenda oopsa a mabakiteriya a chibayo ndi 84 peresenti, moti anaimitsa kafukufukuyo nthawi isanakwane kuti ana onse alandire. Katemera wa chibayo, amene Malawi inayamba kupereka ku sikelo mu 2011, asaphonye ngakhale mmodzi. Agone mu neti usiku uliwonse, ndipo afunseni a kuchipatala za mankhwala oteteza malungo ndi folic acid. Azimwa madzi pafupipafupi, makamaka mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa Lilongwe kukafika, mufunditseni bwino ndipo musamusambitse madzi ozizira m'mawa, chifukwa kuzizira kumafinya mitsempha.

Thupi likatentha, musayambe ndi Panado n'kudikira kuti kuche. Kwa mwana wina kudikira kumatheka, kwa uyu ayi: pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, buku lake la kuchipatala lili m'manja, ndipo pofika nenani msanga kuti ndi wa sickle cell. Chimodzimodzi akamapuma movutika, akayera zikhatho ndi m'zikope mwadzidzidzi, kapena dzanja, mwendo kapena pakamwa pakafooka mbali imodzi, chifukwa ana amenewa amachita sitiroko. Apempheni anamwino akuphunzitseni kugwira kapamba kumanzere pansi pa nthiti. Akakula mwadzidzidzi mwana n'kufooka, ndiye kuti magazi atsekeredwa m'menemo ndipo pamafunika kuwonjezera magazi mwachangu. Mphini pamimba sizichotsa magazi amenewo, zimangotsegulira mabakiteriya khomo.

Pali mankhwala a hydroxyurea amene ndikufuna mukawafunse ndi dzina. Ntchito yawo yaikulu ndi kudzutsanso himogulobini F ija ya ukhanda. F ikakhala yambiri m'selo, imalowa pakati pa S n'kuilepheretsa kumatana. Kwa zaka zambiri anthu ankakayika ngati mankhwalawa angagwire bwino kwa ana a kuno, kumene kuli malungo ndi kuperewera kwa zakudya. Kafukufuku wotchedwa REACH, wa ana pafupifupi 600 a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anayankha: kupweteka kunachepa, kuwonjezera magazi kunachepa, imfa zinachepa, ndipo ngakhale malungo anachepa. Mankhwalawa amafuna kuyeza magazi kawirikawiri kuti mlingo ukhale woyenera, choncho si ogula pa famase n'kumamwetsa nokha.

Mwina mwamva pa wailesi kapena pa Facebook kuti azungu apeza mankhwala ochiziratu. Ndi zoona, koma ndikuuzeni zonse. Kumapeto kwa 2023 Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy. Amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, amagwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira DNA pamalo osankhidwa imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier analandirira mphoto ya Nobel mu 2020, n'kudula pa swichi ya jini yotchedwa BCL11A. Jini imeneyi ndiyo imazimitsa F mwana akabadwa. Swichi ikawonongeka, F imayakanso. Kenako wodwala amalandira mankhwala amphamvu ngati a khansa kuti maselo akale a m'mafupa afe, asanamubwezere okonzedwawo, ndipo amakhala m'chipatala milungu ingapo. Mtengo wake umene analengeza ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Palinso njira yakale yomuika mafuta a m'mafupa a m'bale wake wogwirizana naye, imenenso ndi yodula komanso ili ndi zoopsa zake. Aliyense amene angakuuzeni kuti ali ndi botolo la mankhwala ochiza sickle cell ku msika akufuna ndalama zanu.

Ndatchula BCL11A dala, chifukwa ikukhudza funso la bambo a mwana. Swichi imeneyi sinapezeke ndi munthu wolota. Madokotala anaona kuti odwala ena a SS savutika kwambiri, ndipo anali ndi F yochuluka mwachibadwa. Mu 2007 ndi 2008, ofufuza anayerekeza DNA ya anthu zikwi zambiri amene anavomera kupereka magazi pang'ono, n'kupeza kuti kusiyanako kwagona pa jini imeneyi. Kafukufuku wa majini amayenda choncho. Vuto ndi lakuti DNA yochuluka imene yawerengedwa padziko ndi ya anthu ochokera ku Ulaya, pamene kusiyanasiyana kwa majini kwachuluka ku Africa kuposa kwina kulikonse. Zimene zimapeputsa kapena kukulitsa matendawa mwa mwana wa ku Dowa kapena ku Mchinji sizingadziwike ndi magazi a ku London.

Dziko lathu linaonapo kale phindu la timadontho totere. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini chifukwa malungo anali atasiya kumumva. Ofufuza anapitiriza kuyeza jini ya kachilombo yotchedwa pfcrt m'magazi a odwala ku Blantyre, ndipo anaona tizilombo tosamva mankhwalato tikutha chaka ndi chaka, mpaka mu 2006 anasonyeza kuti kolokwini wayambanso kupha malungo a kumeneko. Dziko lonse linaphunzirapo. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwanso kuno ku Lilongwe, ndipo mu Epulo 2019 Malawi inakhala yoyamba kumupereka kwa ana ku sikelo.

Komabe mantha a bambo ndi a kholo lokonda mwana wake, musawanyoze. Nkhani ya magazi kwathu kuno ndi yolemera. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, zimene zinaphetsa anthu osalakwa. Mankhwala a mantha otere ndi kufunsa poyera. Mwana wa makilogalamu 10 ali ndi magazi pafupifupi mamililita 750 mpaka 800. Kafukufuku wa DNA amafuna ochepa kwambiri, nthawi zambiri osaposa sipuni yaing'ono ya tiyi, mwinanso madontho ochepa pa kapepala. Afunseni akuonetseni kabotolo kake, anene kuti adzatenga kangati, komanso ngati adzadikira mwana akakhala kuti wafooka.

Kafukufuku aliyense wa pa anthu m'dziko muno ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Chikalata chovomerezera chikhale m'Chichewa, akupatseni chanu chopita nacho kunyumba, ndipo pakhale nambala ya foni ya komitiyo. Musasaine tsiku lomwelo ngati mitima yanu sinakhazikike. Funsani ngati magaziwo adzasungidwa, kwa zaka zingati, ngati adzatumizidwa kunja ndi kwa yani, ngati dzina la mwana lidzachotsedwapo, ndiponso ngati mudzauzidwa zotsatira. Funsaninso mosabisa kuti mwana wanuyu apindulapo chiyani, chifukwa kafukufuku wambiri wa majini amathandiza ana obadwa mtsogolo kuposa amene wapereka magaziyo, ndipo wofufuza woona mtima adzakuuzani zimenezo. Mukakana, chithandizo cha mwana chipitirire monga kale. Mukavomera, muli ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse. Ine ndikanakhala inu, mayankho atandikhutiritsa, ndikanavomera, koma ndikanatero tili awiri ndi bambo ake, osati mobisa.

Mwana wanu woyamba ayezedwe, kuti adzadziwe ngati ndi AA kapena AS asanafike pa ukwati. Pemphani kuyeza kosiyanitsa AS ndi SS, chifukwa kwa pa kagalasi kuja kumangosonyeza kuti S ilipo, sikunena kuti ndi imodzi kapena ziwiri. Munthu amene wawonjezeredwa magazi m'miyezi itatu yapitayi anene, poti magazi a mwini wina amasokoneza zotsatira. Mukadzabereka wina, ayezedwe akadali khanda, asanatupe, kuti ngati ndi SS penisilini ayambe msanga. Bambonso akhoza kuyezedwa, koma pakhale mlangizi wofotokoza zotsatira kwa nonse awiri. Pali kusintha kwina kwa jini yomweyi, monga beta thalassaemia, kumene kukakumana ndi S kumadwalitsa mwana mofananamo, pamene khololo pa kuyeza wamba limaoneka ngati lilibe kanthu. Pepala lotere likawerengedwa ndi munthu wokwiya panyumba limatha banja pachabe.

Tsiku la kiliniki likubwerali, apempheni apongozi anu akuperekezeni ku Central, anyamule mdzukulu wawo kumbuyo. Akakhale pa benchi ndi agogo anzawo a ana ena a sickle cell, amve okha kwa dokotala, ndipo anamwino awagwire dzanja awasonyeze pamene pali kapamba. Masiku amene inu mwapita ku msika, mwanayu amatsala ndi iwowo.